Ndani anagona nawe pa siwa?

Mdzukulu wanga, wandilembera kuti chimwalirireni amayi ako chaka chatha, kenaka ntchito n'kukuthera, mtima wako sunakhazikike, ndipo ukufunsa ngati kusowa chimwemwe kumeneku kukutanthauza kuti chikhulupiriro chako chachepa, popeza alaliki ena akumanena kuti Mkhristu weniweni sayenda ndi nkhope yakugwa. Usadziweruze chotero, pakuti Ambuye Yesu mwiniwake analira pamanda a Lazaro ngakhale ankadziwa kuti amuukitsa. Koma funso limene ndikanakonda kuti undifunse ndi lina: kodi usiku umene thupi la amayi ako linagona m'nyumba, ndi masabata otsatirawo, ndani anakhala nawe?

Ndikufunsa chonchi chifukwa ife chimwemwe cha mwa Khristu sitinkachifunafuna aliyense payekha m'chipinda. Uthenga ukangopita kwa amfumu, masamba n'kuikidwa pamsewu, anthu ankasiya makasu. Amayi ankalowa m'nyumba ya siwa ndi kukhala pamphasa mozungulira namfedwa, abambo ali panja pamoto, ndipo nyimbo zinkayamba kukangoda mpaka tambala woyamba, wachiwiri, kufikira kum'mawa kutayera. Buku la nyimbo linkakhala limodzi, mwina losowa chikuto, koma sitinkalidalira chifukwa mawu onse anali pamtima. Mayi mmodzi wa Mvano ankayambitsa, a Katolika ochokera kumphakati n'kulandira, a Seventh Day nawonso n'kuthira mawu awo, popanda wofunsa kuti malemuyo ankapemphera kuti.

Zaka za m'ma 1990, pamene Edzi inkatitha, mankhwala otalikitsa moyo asanayambe kuperekedwa mwaulere m'chaka cha 2004, panali nyengo imene adzukulu ankachoka kumanda madzulo, m'mawa n'kubwererakonso kukakumba. Tinaika ana amene tinkayembekezera kuti adzatiika. Komabe ndikukuuza zimene ndinaona ndi maso angawa: mayi woferedwa ankayamba usiku ali duu, wafunda nsalu kumutu, osatha ngakhale kumwa madzi, pakati pa usiku milomo inkayamba kugwedera, ndipo m'bandakucha unkamumva akuimba nawo za kuuka kwa akufa misozi ikutsika. Imfa inali ili pomwepo, umphawi unali uli pomwepo, koma anzake anali atamugwirira chiyembekezo mpaka iye atatha kuchigwira yekha. Chimenecho ndicho chimwemwe chimene ine ndikuchidziwa, ndipo sichifuna kuti munthu ayambe wapukuta misozi.

Ngakhale Paulo, amene alaliki akowo amakonda kumutchula ponena kuti tizikondwera mwa Ambuye nthawi zonse, analemba mawuwo kwa Afilipi ali m'ndende. Ndipo mumzinda wa Filipi momwemo, atakwapulidwa ndi kumangidwa miyendo, pakati pa usiku ankaimba nyimbo ali ndi Sila pambali pake, akaidi ena akumvetsera. Anali awiri. Abwenzi a Yobu nawo anachita bwino masiku 7 aja amene anakhala naye pansi osalankhula kanthu. Anadzalakwa pamene anayamba kumufufuza tchimo, monga momwe akuchitira amene akukuyesa chikhulupiriro lerowa.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti mwambo wogona pamaliro ukuzilala, makamaka m'tauni. Inu achinyamata mumatumiza chipepeso pafoni, n'kuika chithunzi cha malemu pa WhatsApp, n'kumati mwakhuza maliro. Ndalamayo imathandiza, sindikukana, pakuti bokosi ndi ufa zimafuna ndalama, komatu siyingayambitse nyimbo usiku. Ena amabwera tsiku loika atavala zofanana, kujambulitsa, kudya, n'kumapita, ndipo makina okuzira mawu ndiwo atenga malo a makosi a anthu. Choipitsitsa n'chakuti pakatha sabata palibenso wogogoda pakhomo, pamene kale amayi amumpingo ankasinthana kukatunga madzi, kusinja ndi kugona ndi namfedwa mpaka atazolowera nyumba. Sikuti mtima umenewu unatheratu, pakuti namondwe wa Freddy atagumula nyumba ku Chilobwe mu Marichi 2023, anthu anasonkhana, kulira pamodzi ndi kugawana zochepa zomwe anali nazo. Koma sitiyenera kudikira tsoka lalikulu chotero kuti tikumbukire njira ya kwa mnzathu.

Tsono iwe, pita kwa mkulu wa mpingo wa dera lako, umuuze mosabisa kuti maliro a amayi ako sanakuchoke, ndipo upemphe kuti mapemphero a mlaga adzachitikire pakhomo pako, adzaimbe nyimbo zimene malemuwo ankazikonda. Za ntchitoyo uwauzenso, usachite manyazi. Ndipo ukadzamva kuti kwa mnansi wako kwagwa zovuta, utenge chitenje ndi bulangete, ukagone komweko pakati pa amayi anzako, foni uyisiye m'chikwama mpaka kuche.