Tikugula nyumba, nanga bwanji loya akutitcha "tenant"?

Kalata ya lero yachokera kwa mayi ena omwe amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Leeds, m'dziko la England. Iwo ndi achimwene awo asonkherana kuti agule nyumba. Mayiwa aikapo £30,000 ya dipoziti, achimwenewo £10,000, yotsalayo ndi ngongole ya kubanki. Loya wawatumizira fomu yoti asankhepo: *joint tenants* kapena *tenants in common*. Funso lawo ndi ili: "Ife tikugula, sitikuchita lendi. Tenant ameneyu akuchokera pati? Komanso ziwirizi si chimodzimodzi, poti zonse zikunena kuti nyumba ndi ya tonse?"

Achemwali, musachonge kaye kabokosi kalikonse. Si chimodzimodzi ayi.

Za *tenant* musade nazo nkhawa. Pa Chingerezi cha tsiku ndi tsiku ndi munthu wa lendi, koma maloya anasunga tanthauzo lakale. Mawuwa anachokera ku Chifalansa ndipo amanena munthu wogwirizira chinthu. Chilandireni ufumu William wa ku Normandy mu 1066, lamulo la ku England limaona nthaka yonse ngati ya mfumu, ena onse ngongoigwirizira. Ndiye pa fomu yanuyo mawuwa akunena eni ake, inuyo.

Pomwe pagona nkhani ndi pa *share*. Liwu limodzili limanyamula zinthu ziwiri zomwe ife sitizisokoneza. Munthu akati "we share a kitchen" akunena kuti amaphikira khitchini imodzi, palibe chadulidwa. Akati "we shared the money" ndiye kuti anagawana, aliyense wapita ndi zake. Umwini wa nyumba umayendanso njira ziwiri zomwezi.

*Joint tenants* kuli ngati kudya m'mbale imodzi: palibe anganene kuti mbali iyi ndi yanga, ndipo wonyamuka pamphasa amasiyira wotsala. Aliyense mwa inu ndi mwini wa nyumba yonse, posawerengera kuti ndani anaikapo zambiri. Mmodzi akamwalira, nyumba imagwera wotsalayo yokha, ndipo ichi amachitcha *right of survivorship*. Wilo siigwira ntchito pamenepa. Mulembe bwanji kuti gawo langa lipite kwa ana anga ku Dedza, lamulo lidzati munalibe gawo loti n'kusiyira munthu. Taganizirani zimenezo bwinobwino. Mutatsogola inuyo, £30,000 yomwe mwaisunga pogwira mashifiti a usiku ija ikhala ya achimwene, ndipo ana anu adzadalira chifundo chawo basi. Atatsogola iwowo, alamu anu ndi ana awo adzaima panja, inu mudzatchedwa wolanda chuma cha masiye pomwe simunalande kanthu. Njira imeneyi imawayenera kwambiri anthu apabanja omwe akufunadi kusiyirana nyumba.

*Tenants in common* ndi pomwe aliyense ali ndi *share* yake yodziwika, kaya theka ndi theka, kaya 60 ndi 40 pa 100 iliyonse. Sikuti mudula nyumba, wina chipinda chapamwamba wina chapansi. Nonse mumakhala paliponse. Chogawidwacho ndi mtengo wake. Gawo lanulo mutha kulilemba mu wilo, ndipo mukamwalira limapita kwa omwe mwawatchula.

Kwa inu ndi achimwene, ine ndingasankhe yachiwiriyi mosazengereza. Koma musalekere pa kabokosi. Mufunse loyayo akulembereni *declaration of trust*, chikalata chonena kuti gawo la yani ndi lotani. Apa ambiri amathamangira kuwerengera dipoziti yokha n'kuti 75 ndi 25. Nanga ngongole ya mwezi ndi mwezi muzilipira bwanji? Ngati muzilipira mofanana, chikalatacho chitha kunena kuti pogulitsa, banki ikatenga zake, aliyense ayambe wabwezeredwa dipoziti yake, zotsalazo mugawane pakati. Ndalama yotsala ngongole ikachotsedwa ndiyo mudzaimva akuitcha *equity*.

Pa mapepala a banki mudzaonanso *jointly and severally liable*. Tinaphunzira kusukulu kuti *several* ndi "angapo", koma pano akunena aliyense payekha. Achimwene akasiya kulipira, banki sidzati tipatseni theka lanu, idzafuna zonse kwa inu. Kusankha *tenants in common* sikukupulumutsani pamenepa: mutha kukhala ndi gawo lochepa la nyumba koma ngongole yonse ili pamutu panu. *Own* ndi *owe* amasiyana chilembo chimodzi chokha, woyambayo ndi kukhala mwini, winayo kukhala ndi ngongole, ndipo pogula nyumba muchita zonse ziwiri.

Mwafunsanso za *shared ownership* yomwe mumaiona pa Rightmove, webusayiti yotsatsa nyumba. Imeneyo sikugawana ndi m'bale wanu. Ndi dongosolo la ku England lomwe munthu amagula gawo la nyumba, kuyambira 10 mpaka 75 pa 100, kawirikawiri kwa bungwe la nyumba lotchedwa *housing association*, n'kumalipira lendi pa gawo lotsalalo. Ukafuna umagulako pang'onopang'ono, zomwe amati *staircasing*. Mitengo yake imaoneka yotsika chifukwa yolembedwayo ndi ya gawo chabe. *Portion* yomwe mwaitchula m'kalata yanu ponena gawo la nyumba isiyeni kumalo odyera, ndi ya chakudya. Pa nyumba ndi pa kampani amati *share* kapena *stake*, masheya omwe aja timagula kubanki m'khonde.

Owerenga ena mwina munasaina kale *joint tenants* osadziwa. Zimasinthika. Mumapereka kwa mnzanuyo kalata yotchedwa *notice of severance*, n'kutumiza fomu SEV ku HM Land Registry, ofesi ya boma yosunga kaundula wa eni malo ndi nyumba. Palibe cholipira, ndipo sizilira kuti mnzanuyo avomere. Dziwani kuti mukatero, kawirikawiri magawo amakhala ofanana, ndiye amene anaikapo zambiri ayambe waonana ndi loya. Zonsezi ndi za ku England ndi Wales. A ku Glasgow ndi Edinburgh, m'dziko la Scotland, lamulo lanu ndi lina, mawu akenso ndi ena.

Ndipo achemwali, tsiku lomwe mukukasaina *declaration of trust*, mukalembetserenso wilo, inu yanu achimwene yawo. Popanda wilo, gawo lanu ligawidwa motsatira lamulo la ku England, osati momwe a kubanja adzagwirizanirane pamaliro.