Mwana akufuna zolemba mapulogalamu a m'mabanki, bambo akufuna zowerengera ndalama

Bambo wina wa ku Luchenza wafunsa za mwana wake wamkazi yemwe walemba MSCE ndipo masamu amawatha. Mtsikanayu watsimikiza mtima kuti adzakhale wolemba mapulogalamu a makompyuta a m'mabanki, kenako adzatsegule kampani yakeyake yothandiza mabungwe kusamala data, kutanthauza uthenga wosungidwa m'makompyuta. Bamboyu amafuna kuti mwana aphunzire zowerengera ndalama, ntchito yomwe aliyense amaidziwa. Akufunsa ngati ntchito inayo ilikodi kuno kwathu kapena ndi maloto otola pa foni.

Bambo, ntchitoyo iliko, ndipo imadutsa m'manja mwanu pafupifupi tsiku lililonse. Mukadina *626# kuti muchotse ndalama ku National Bank kupita pa Mpamba kapena Airtel Money, pali anthu amene analemba njira yomwe uthengawo umayenda, ndipo ena ali tcheru usiku ndi usana kuti isaduke. Kungoti maonekedwe a ntchitoyi ndi osiyana ndi zomwe mwana wanu akuganiza. Mabanki ambiri salemba okha pulogalamu yaikulu yosunga maakaunti. Amagula yopangidwa kale, monga T24 ya kampani ya Temenos ya ku Switzerland, Finacle ya Infosys ya ku India, kapena Flexcube ya Oracle. Ana athu amagwira ntchito yolumikiza chimphona chimenechi ndi zinthu za kuno: mafoni, ma ATM a mabanki ena kudzera pa National Switch (njira yolumikiza mabanki) yomwe inayamba mu 2015, kugula mayunitsi a ESCOM, kulipira msonkho ku MRA, komanso kutulutsa malipoti amene Reserve Bank of Malawi imafuna.

Tiyeni tione zimene zimachitika pa desiki la wogwira ntchitoyi. Mayi wogulitsa nthochi pa msika wa Thyolo watumiza ndalama kuchokera ku banki kupita pa foni. Ku akaunti zachoka, pa foni sizinafike, ndipo mayiyo wayamba kale kukalipa. Dandaulo lija likafika ku chipinda cha IT, wina amatsegula database (nkhokwe ya uthenga ya mu kompyuta), n'kulemba funso la SQL (chinenero chofunsira database) lofufuza nambala ya katumizidwe ka ndalamako, n'kuyerekeza ndi fayilo yochokera ku kampani ya foni. Mwina apeza kuti uthenga unapita koma yankho silinabwere chifukwa netiweki inaduka pakati. Ndalama zija zaima pa akaunti yodikirira, ziyenera kubwezedwa kwa mwiniwake, ndipo mabuku a mbali zonse ziwiri ayenera kugwirizana mpaka pa tambala yomaliza. Zikatero akonzenso pulogalamuyo kuti munthu akadina kawiri chifukwa chotaya mtima, asadulidwe kawiri.

Mwaona pamene maganizo anu alowera? Munthu wosadziwa debit ndi credit, mbali ziwiri za mabuku a ndalama, sangaigwire bwino ntchito imeneyi ngakhale atakhala katswiri wa Java, chinenero cholembera mapulogalamu. Achinyamata odziwa kupanga app yokongola alipo ambiri masiku ano, koma amene amamva chinenero cha akauntanti n'kumvanso cha kompyuta ndi osowa, ndipo banki ikamupeza wotere siimutaya msanga. Ndiye musamuletse mwanayo. Mukakamizeni kuti pa maphunziro akewo asathawe makosi owerengera ndalama, omwe ana ambiri a za makompyuta amawaona ngati otayitsa nthawi.

Sukulu muli nayo pakhomo. MUST, yomwe ili ku Ndata m'boma lanu lomweli ndipo inatsegulidwa mu 2014, imaphunzitsa Business Information Technology komanso Computer Systems and Security. Pa zomwe mtsikanayu akufuna, ine ndingayambe kuyang'ana yoyambayo chifukwa imasakaniza bizinesi ndi makompyuta, pamene yachiwiri ikuyenera wokonda zoteteza makina kwa akuba. Ku Blantyre kuli MUBAS, yomwe kale timaitcha Polytechnic, ku Zomba kuli Computer Science ya UNIMA, ndipo Mzuzu University nayonso ili ndi za ICT. Kusankhidwa kumadzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba, ndipo pamafunika makrediti asanu ndi imodzi kuphatikizapo Chingerezi. Zofunika pa kosi iliyonse, makamaka giredi ya masamu, muziwerenge pa chilengezo cha chaka chimenecho, osati kumva za m'maluwa. Akapanda kusankhidwa n'kuganiza za koleji yoyima payokha, musanalipire fizi funsani kaye ngati kosiyo ndi yovomerezeka ndi NCHE.

Digiri yokha siikwanira. Afunika laputopu yakeyake, ngakhale yogwiritsidwapo kale ntchito, chifukwa kulemba mapulogalamu sikuphunzirika pa bolodi. Ayambe ndi SQL, kenako Python kapena Java. Mapulogalamu a database monga PostgreSQL ndi SQLite ndi aulere. Ndipo ngati amayi ake ali m'gulu la banki mkhonde, apemphe chilolezo cha gululo n'kusandutsa kaundula wawo kukhala database yaing'ono yosunga masheya, ngongole, chiwongoladzanja, chindapusa cha ochedwa ndi zogawana za kumapeto kwa chaka. Tsiku limene manambala ake adzasiyane ndi a m'buku la msungichuma, n'kukhala pansi mpaka atapeza pomwe palakwika, ndiye kuti walawa ntchito yeniyeniyo. Chinthu chotere n'chimenenso angakaonetse pofunsira internship, malo ophunzirira ntchito.

Za kampani yakeyake adikire kaye. Consultant wa data, kutanthauza katswiri wolembedwa pa kontirakiti, amaitanidwa pamene SACCO ikusamutsa maakaunti kuchoka m'mabuku kapena mu Excel kupita pa pulogalamu yatsopano, kapena pamene esiteti ya tiyi ikufuna kuti makilogalamu a masamba othyoledwa agwirizane ndi malipiro a antchito. Ndi ntchito ya fumbi: munthu m'modzi walembedwa kawiri ndi masipelo osiyana, wina alibe nambala ya chiphaso cha unzika, wina tsiku lake lobadwa likuonetsa 1900. Palibe bungwe lingapereke mabuku ake a ndalama kwa mwana wongotuluka kumene pa yunivesite. Makontirakiti amabwera chifukwa cha anthu amene anakuona ukugwira bwino ntchito kwa zaka zingapo. Nthawiyo ikadzakwana adzafunika kulembetsa bizinesi, kutenga nambala ya msonkho (TPIN) ku MRA, ndi kukhala ndi kangachepe kodyera miyezi yopanda kontirakiti. Adziwenso Data Protection Act ya 2024, yomwe MACRA ikuyang'anira, chifukwa kusewera ndi zinsinsi za makasitomala tsopano ndi nkhani ya malamulo.

Zowawa zake muzidziwiretu. Malo ndi ochepa ndipo ambiri ali ku Blantyre ndi Lilongwe, kotero ntchito yoyamba ikhoza kukhala yothandiza anthu amene makompyuta awo avuta, kapena ya ku kampani ya foni kapena yopanga mapulogalamu. Asainyoze. Kusintha kwa makina a banki kumachitika usiku kapena pa wikendi pamene makasitomala agona, ndipo kutha kwa mwezi foni imatha kulira pakati pa usiku. Palinso mayesero. Munthu amene amaona maakaunti a anthu amafikiridwa ndi anzake omupempha kuti angowaonerako pang'ono, pamene makinawo amalemba dzina ndi nthawi ya aliyense wotsegula akaunti. Amene wachotsedwa ntchito pa zoterezi savuta kudziwika, poti mabanki kuno ndi owerengeka ndipo akuluakulu ake amadziwana.

Pamene mukudikira zotsatira ndi mafomu a NCHE, ndalama zomwe mukanalipira kosi yachidule ya Word ndi Excel muziike pa laputopuyo ndi bandulo ya intaneti. Mupezereninso buku la Principles of Accounting la ku sekondale, ngakhale lakale lothothoka chikuto, aziliwerenga limodzi ndi maphunziro ake a SQL.