Kuyankha azakhali za madzi a utoto aja

Eee azakhali mwaswera bwanji, pepani ndachedwa kuyankha, dzulo ndinali mu labu tsiku lonse foni inali m'chikwama. Ndamva funso lanu lija, mwati amalume anakuuzani kuti kuno ku Lusaka ndikuphunzira mankhwala ochotsa utoto m'madzi ndi dzuwa chabe, ndiye mukufuna ndikubweretsereniko paholide muzithira m'madzi otsala mukanyika nsalu zanu za ku Kapata. Hahaha amalume anathirako nsinjiro pang'ono, koma sananame kwenikweni.

Chinthucho dzina lake porphyrin. Musaope dzinalo, muli nacho kale m'thupi. Kufiira kwa magazi kuja ndi iyeyu, kamphete kakang'onong'ono kogwira ayironi pakati. Kubiriwira kwa chibwabwa nako ndi m'bale wake, chlorophyll, kungoti uyu pakati wagwira magnesium. Banja lonseli luso lake ndi kugwira kuwala.

Manje chimene chimandisangalatsa ine ndi ichi, timphete timeneti ndi taphwatalala ngati mbale, ndiye ukatisungunula kaye kenako n'kudonthetsa m'madzi muli mankhwala onga sopo, sitigwirizana ndi madzi, basi timayamba kusanjikizana tokha, kena pamwamba pa kanzake, mmene mumasanjira mbale pathandala mukatsuka, koma pano palibe dzanja lozisanja. Mapeto ake pamatuluka timitengo kapena timapepala tosaoneka ndi maso, timayeza mu ma nanometre, ndipo tsitsi limodzi la pamutu kunenepa kwake ndi ma nanometre pafupifupi 80,000, ndiye ganizirani. Ukasintha sopo uja kapena kuwawasa kwa madzi, mawonekedwe nawo amasintha, ndipo mphamvu yake imasinthanso. Ine tsiku loyamba kuona zithunzi zake ndinangoti kukamwa yasa.

Dzuwa likawomba pa timitengoti, ma electron (tinthu tating'onoting'ono tonyamula magetsi) amadzuka n'kuyenda mumsanjiko muja mpaka kukalumphira pa oxygen wa m'madzi, oxygen uja amasanduka wolusa zedi, akakumana ndi utoto amaudula zidutswazidutswa, mtundu n'kuzimiririka. Alipo mankhwala ena akale, titanium dioxide, amene a ku Japan awiri, Fujishima ndi Honda, anaonetsa mu 1972 kuti amagwira ntchito ndi kuwala, koma mankhwalawo amafuna UV, kuwala kosaoneka ndi maso, ndipo UV m'dzuwa ndi wochepa, pafupifupi 5 peresenti chabe. Porphyrin amadya kuwala komweku timaonera ndi maso, ndiye dzuwa la Okutobala la ku Chipata lija akhoza kukhuta heavy.

Koma azakhali kubwera nazo ayi, ndisakunamizeni. Ife timayesa mu kabotolo kagalasi, madzi oyera, n'kudonthetsamo utoto pang'ono ngati methylene blue kapena methyl orange. Anu aja ndi a mubeseni, akuda bii, muli mchere muli soda, kuwala sikungalowe n'komwe mpaka pansi. Komanso zimadula, sizili m'mashopu, ndipo ukamaliza uyenera kutisefanso timitengoto m'madzi, imeneyo ndi ntchito ina payokha.

China chimene ndikufuna mumve bwino, ngakhale inu amalume ngati mukumvera, madzi akayera sindiye kuti ali bwino. Utoto wambiri wa nsalu ndi wa mtundu wa azo, ukaduka pakati mtundu umachoka ndithu koma zidutswa zotsala zina ndi zoopsa kuposa poyamba, zina zimayambitsa khansa. N'chifukwa chake ife sitikhulupirira maso, timayezanso ndi makina kuona ngati zathadi.

Ndiye pakali pano chonde musamatayire mu ngalande ija, kaili mvula ikagwa zonse zimatsikira ku Lunkhwakwa, kumene anthu amathirira repu ndi tomato m'madimba, mawa tigulanso tokha pa Saturday Market. Uzani anyamata akukumbireni dzenje kutali ndi chitsime, muikemo makala ophwanya ndi mchenga, makala amagwirako utoto wina. Ndipo magulovu aja muzivala, ndinaona manja anu pa chithunzi cha kutchalitchi chija, buluu mpaka m'zikhadabo.

Aa bandulo ikutha, mupereke moni kwa agogo. Nsalu yanga ija musagulitse, yofiirira ija, ndikubwera Disembala.