Pasipoti yanu isachoke m'manja mwanu

Achemwali, mwafunsa za sukulu ya kuno ku Zambia imene yakuitanani kudzaphunzitsa musanapeze pemiti yogwirira ntchito. Mawu awo akuti "ingobwerani, pemiti tikonza mukafika kuno" ndangowawerenga thupi lachita tsembwe. Ndi mawu omwewo amene anandiuza ine mu 2022. Pepani ndilemba zambiri.

Ndinanyamuka ku Lilongwe mu January, paja kuno chaka cha sukulu chimayamba January osati September ngati kwathu. Pa boda ya Mwami anandidindira masiku 30 ngati mlendo wodzacheza. Ndatsika pa Intercity, depoti ya mabasi ya ku Lusaka, usiku miyendo itatupa, kutacha mwini sukulu, mayi wolankhula mokoma ngati wotsogolera kwaya, akuti bweretsani pasipoti ndi masatifiketi tikapereke ku Immigration. Ine ndi kupusa kwanga ndinapereka zonse, osasiya ndi fotokope yomwe.

Mwezi unatha. Wachiwiri unatha. Ndikafunsa, yankho ndi "mailo madam, mailo". Kuno mailo ndi mawa komanso ndi dzulo, ndiye kaya ankanena liti. Koma kudula ndalama pa malipiro, ati ya pemiti, sankaiwala ayi.

Lachiwiri lina kumapeto kwa March ndili pa bolodi, Grade 9, masamu. Wachiwiri kwa ahedi analowa osagogoda. "Madam tiyeni, siyani zonse." Mtima unathamangira kumudzi, ndimvekere basi kwagwa maliro. Anandigwira pamkono, kuzungulira nane kuseri kwa makalasi, kunditsegulira kachipinda kosungiramo katundu. "Kwabwera a boma, khalani phee." Ndinangomva loko kunja, khethe.

Munalibe zenera, kabowo kokha pamwamba. Madesiki othyoka, matsache, zitini za penti, mpira wophwa, ndi fungo la mkodzo wa makoswe lija lolowa mpaka kukhosi. Foni ndinaisiya patebulo m'kalasi. Choko chokha ndi chimene chinali m'manja, ndipo ndinachifinya mpaka chinasanduka ufa. Khoma lake linali logundana ndi kalasi yanga, ndiye ndinkamva zonse. Mwana wina akufunsa, "Ba madam bayenda kuti?" Mnzake, "Babisala, ni ba ku Malawi." Kalasi yonse gwedeee kuseka. Ana omwe ndinkatsala nawo mpaka 5 koloko kuwathandiza ma fraction popanda wondilipira. Patapita maola awiri mkodzo unandigwira. Ndinagogoda pang'onopang'ono, kuopa kumveka, palibe anabwera. Ndinakodza m'chitini cha penti. Ine mayi wa ana awiri, wa dipuloma ya ku Domasi, zaka 9 ndikuphunzitsa, nditanyonyomala mumdima ngati mbava ya nkhuku.

Anadzanditsegulira ana ataweruka. Mayi uja akuseka, Fanta m'manja, "Mwachita bwino madam, imwani." Fanta! Mpaka lero ndikaona botolo lake m'mimba mumatembenuka. Munthu wopita ku tchalitchi Lamulungu lililonse, wotsegula msonkhano wa aphunzitsi ndi pemphero lalitali, koma mtima ngati nkhwangwa. Ndipo sanali a Immigration nkomwe amene anabwerawo, anali oyendera masukulu, ofuna kuona ziphaso za aphunzitsi. Chiphasocho ndinalibenso, chifukwa palibe anandiuza kuti chilipo. Pasipoti yanga inali mu drowa yake pansi pa malisiti, sinapiteko kulikonse, masiku anga atatha kalekale. Ankadziwa bwino lomwe kuti munthu wopanda mapepala sangadandaule kwa wina aliyense, sangapemphe kukwezedwa malipiro, sangathawe.

Anandipulumutsa ndi amayi a ku Reformed Church kumene ndinkapemphera, popeza mapemphero ake ndi ofanana ndi a kwathu ku Nkhoma Synod. Amayi anayi ndi mkulu wa mpingo mmodzi anakakhala mu ofesi muja osalalata, osatukwana, kungoti sitichoka. Pofika madzulo pasipoti inatuluka. Ndalama zodulidwa zija zinapita. Ndinakadziulula ndekha ku Immigration, ndinalipira chindapusa cha masiku opitirira, n'kubwerera kwathu ndi chikwama chimodzi.

Ndiye mverani. Employment permit, pemiti yogwirira ntchito ija, amafunsira ndi olemba ntchito, ndipo inu mumayenera kudikira muli kunja kwa Zambia mpaka itavomerezedwa. Masatifiketi a kwathu amayamba adutsa ku ZAQA, bungwe loona za masatifiketi a maphunziro, kuti awatsimikize, kenako mulembetse ku Teaching Council of Zambia akupatseni chiphaso chophunzitsira. Popanda chimenecho simuloledwa kuima pa bolodi, kaya sukulu ndi ya boma kaya ya munthu. Pa pepala la malipiro muziona NAPSA ya penshoni, imene amadula 5 peresenti, ndi NHIMA ya chipatala, 1 peresenti, ndipo muzikafufuza nokha ngati ndalamazo zikufikadi. Kudula n'kosavuta.

Za m'kalasi sizovuta kwenikweni. Mayeso ndi a ECZ, bungwe la mayeso la kuno, ndiye ma past paper a MANEB asiyeni kunyumba. Ine ndinapeza pulayimale ikuthera Grade 7, ndiye Grade 9 powerenga zaka ndi Form 1 ya kwathu, koma mayeso ake akulu ngati JCE. Kuyambira 2025 ayamba kusinthira ku ma Form, mufunse silabasi imene kalasi yanu ikutsata. Chichewa chanu adzachiseka, konzekeranitu. Mukati "tsopano" iwo ndi "manje", mukati "ndikufuna" iwo "nifuna", ndipo ine anandipatsa dzina loti ba Achimwene ngakhale ndine mzimayi. Ati ndimalankhula ngati Baibulo. Musakwiye nazo, mukaseka nawo amakukondani msanga.

Komabe ndisakunamizeni, mukakhala ku Lilongwe kudikira kuti zonse zilongosoke, malowo apatsa wina. Ine sukulu imene ndili panoyi ndinaidziwa chifukwa cha ulendo woipa womwewo, mmodzi wa amayi anayi aja ndiye anandilumikiza, ndipo anachita zonse mwadongosolo ine ndili kwathu. Ndiye bwerani ndithu. Bwerani ngati mlendo, muione sukuluyo ndi maso, mucheze ndi aphunzitsi kuseri mwini wake kulibe, mufunse ngati malipiro amabwera pa tsiku lake. Akafuna mapepala, fotokope basi. Nyumba ya sukulu musavomere ngakhale itakhala yaulere, mukayambana mumataya ntchito ndi pogona tsiku limodzi. Kachipinda ku Mtendere kapena ku Kalingalinga, makomboni a mu Lusaka, mukapeza.

Ndilembereni ku inbox dzina la sukuluyo, pagulu pano ayi. Ikakhala yomwe ija ndikuuzani. Ndipo mukamabwera mundinyamulireko mpunga wa Kilombero makilo asanu, ndikubwezerani pa Intercity pomwepo.