Gemu yabwino ya ana tiidziwa bwanji?

Mphunzitsi wina wa Sitandade 3 wandilembera pa imelo kuti: "Makolo amandifunsa za magemu a pa foni oti aziwaikira ana. Ena ndi okoma koma mwana satolapo kanthu, ena ndi ophunzitsa koma mwana sachedwa kutopa nawo. Ndisankhe bwanji, nanga ndingathe kupanga anga m'kalasi?"

Aphunzitsi, gemu iliyonse muziiyesa ndi funso ili: nditachotsamo phunzirolo, kodi masewerawo angapitirirebe? Ngati angapitirire, ndiye kuti phunziro anangolimata pamwamba. Magemu ambiri a pa foni ali choncho. Mwana akuthamangitsa galimoto, mwadzidzidzi patulukira funso la 6 + 7, iye angodinadina mpaka lichoke kuti abwerere ku galimoto yake. Chimene waphunzira apo n'chakuti masamu ndi chipsinjo chosokoneza chisangalalo.

Onani bawo. Mabowo 32, nkhomo 64, ndipo wosewera asanagwire nkhomo amakhala atawerengeratu chamumtima bowo lomwe akathere. Muchotsemo kuwerengako, bawo yathera pomwepo.

Nkhaniyi inayesedwapo ku England. Mu 2011, Jacob Habgood ndi Shaaron Ainsworth anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa gemu yotchedwa Zombie Division. Mu mtundu woyamba, mdani aliyense anali ndi nambala pachifuwa, ndipo mwana ankamugonjetsa pokhapokha atasankha chida cha nambala yomwe imagawa bwino nambala ya mdaniyo. Mu mtundu wachiwiri, nkhondo inalibe masamu, mafunso ankabwera paokha gawo likatha. Ana a mtundu woyamba anaphunzira zambiri, ndipo atapatsidwa ufulu wosankha, nthawi yomwe anathera pa mtundu woyambawo inali yowirikiza ka 7.

Chinanso, muone zomwe gemu imachita mwana akalakwa. Kulira belu n'kulemba chizindikiro chofiira sikuphunzitsa. Yabwino imamuonetsa pomwe wasokonekera n'kumupatsa mwayi wina. Chilankhulo nachonso musachione mopepuka. Mapulogalamu a bungwe la onebillion, omwe ana m'sukulu zina za m'Malawi muno amagwiritsa ntchito pa matabuleti, amalankhula Chichewa, choncho mwana salimbana ndi Chingerezi ndi masamu nthawi imodzi. Bungweli linagawana mphoto ya Global Learning XPRIZE ndi opanga pulogalamu ina yotchedwa Kitkit School mu 2019, mapulogalamuwo atayesedwa m'midzi ya ku Tanzania. Za nyenyezi ndi mapointsi zomwe magemu amapatsa mwana akakhoza, ine sindizidalira kwenikweni. Mwana amatha kuzisaka osamva kanthu.

Zopanga nokha sizifuna foni. Dulani katoni, lembanipo manambala monga 6, 10, 12, 15, 25 ndi 30, muwayale pansi. Gulu lililonse likhale ndi makadi atatu: 2, 3 ndi 5. Gulu limatenga nambala pokhapokha khadi lomwe laponya likuigawa popanda chotsala, ndipo khadi likaponyedwa silibwerera mpaka onse atatu atatha. Apa mpamene pamakoma, chifukwa ana amayamba kukangana: "Usaponye 5 pa 30, tisungire 25!" Sakanizanimo 7 ndi 11 ngati misampha. Gulu lina likatsutsa, atenge zitsekerero za mabotolo agawe m'milu, aliyense aone ndi maso ngati chatsala.

Mawa lake muwapatse masamu ogawa a manambala ena pa bolodi, opanda makadi. Akawakhoza, gemuyo isungeni. Akalephera, chepetsani manambala muyesenso.