Achemwali, musachotse mabatire m'kabokosiko

Achemwali, chonde musazimitse kotheratu. Zomwe mwanena zoti muchotse mabatire mu thermostat, kabokosi kolamulira kutentha kwa m'nyumba, mpaka Malichi chifukwa bilu ya gasi yakwera, ndi zomwe ndinachita ine, ndipo mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwawa.

Ine ndinafika ku Nottingham mu Seputembala 2022, ntchito yosamalira okalamba ngati ambirife muno, mashifiti ausiku. Bambo akunyumba ndi mwana anabwera mu Okutobala, mwanayo ali ndi zaka zitatu. Mukukumbukira momwe gasi anakwerera chaka chimenecho nkhondo ya ku Ukraine itayamba. Boma linalengeza za malire a £2,500 pachaka pa bilu ya gasi ndi magetsi ya nyumba wamba, ine n'kumaganiza kuti palibe nyumba idzalipire kuposa pamenepo. Kumeneko kunali kusamva kwanga. Chomwe anaikira malire ndi mtengo wa yuniti, ndiye ukawotcha gasi wambiri umalipirabe zambiri. Ngakhale £66 yomwe boma linkatichotsera pa bilu pamwezi sinaoneke n'komwe. Bilu ya Novembala itabwera ndinakhala pansi m'khitchini, n'kuiwerengera m'makwacha, n'kuona fizi ya mng'ono wanga ku Zomba ndi feteleza wa amayi zonse zitapita ndi mphepo.

Palibe anandifotokozera kabokosi kaja tsiku lolowa m'nyumba. A ajenti obwereketsa nyumbayo anangondipatsa makiyi n'kuloza ndi chala boila, makina otenthetsa nyumba ndi madzi, basi. Kenako ndinadzazindikira kuti amene ankakhalamo kale anasiya pulogalamu ya madigiri 23 kuyambira m'mawa mpaka usiku, sabata yonse. Ndiye kabokosiko anakakhomera m'korido pafupi ndi chitseko chakumaso, pomwe mphepo imalowera pansi pa chitseko. Pamenepo 23 sangakwane ngakhale mutapemphera. Boila ankangolira tsiku lonse, m'nyumba mulibe munthu wina koma ine ndili m'bulangeti kugona tulo ta shifiti. Chifukwa chosadziwa ndi mkwiyo ndinachotsa mabatire, ndikazimitsanso boila pa switchi ya pakhoma. Ndinauza bambo kuti ife tinakulira ku Dedza, chisanu cha Juni timachidziwa, tivala majuzi.

Chisanu cha ku Dedza chimatha dzuwa likatuluka. Chakuno sichichoka, chimalowa m'makoma. Disembala uja kunazizira koopsa kwa masiku oposa khumi, ku Braemar ku Scotland kunafika -17. Usiku wina cha m'ma 3 koloko foni inalira ndili kuntchito, ndikusintha zofunda za agogo ena. Bambo akuti mwana akutsokomola osalekeza, pachifuwa pakulira ngati kherere, manja ali zii ngati mwala wamumtsinje. Ndinkamumva mwana wanga pafonipo akundiitana. Usiku umenewo tinalipo awiri okha pa okalamba onse aja, sindikanachoka. Ndinawauza aimbe 111, nambala ya a zaumoyo, ine n'kulowa m'chimbudzi kukalira, n'kusamba kumaso, n'kubwerera kukatembenuza anthu a eni ake m'zipinda zofunda bwino pomwe wanga akunjenjemera. Maola asanu amenewo sindidzawaiwala. Nditafika m'mawa mpweya wanga unkaoneka ngati utsi pabalaza. Mawindo anali ndi madzi oundana mkati, osati kunja. Ndinafufuza mabatire aja m'dirowa manja akunjenjemera, nditawabwezera kabokosi kanaonetsa 8. Madigiri 8, mwana wagonamo milungu itatu chifukwa cha ine. Ndinayatsa boila, analira pang'ono ngati munthu akuchukucha madzi m'kamwa, kenako zii, n'kuonetsa nambala ya vuto. Ndinakhala pansi pompo ndi yunifolomu yanga. Titasuntha wadiropu kuti tiyandikize bedi kukhoma lamkati, kumbuyo kwake kunali nkhungu yakuda bii kuchokera pansi mpaka m'chiuno. Mwezi wapitawo nkhani inali ponseponse ya mwana wa zaka ziwiri wa ku Rochdale amene khoti linapeza kuti anamwalira chifukwa cha nkhungu ya m'nyumba. Ndinangomukumbatira wanga osatha kuyankhula.

Koma a ajenti aja, Mulungu awaone. Ndinaimba Loweruka, akuti tumizani imelo. Ndinatumiza ndi zithunzi zomwe, chete. Lolemba mayi wina anandiyankha mokhala ngati ndikupempha chithandizo cha ulere, akuti amisiri onse ndi otanganidwa, ndiponso poti ndinazimitsa ndekha mwina ndidzalipira ine. Nditatchula nkhungu anati anthu inu mumaphika kwambiri osatsegula mawindo. Anthu inu! Lendi yanga sinachedwepo ngakhale tsiku limodzi. Kulakwa kwanga ndikukuvomera, koma ndani anakhomera thermostat pakhomo pa mphepo? Ndani anandipatsa makiyi popanda ngakhale kapepala ka malangizo? Masiku anayi tinkagona tonse atatu pabalaza ndi kahita kamagetsi kobwereka kwa mlongo wina wa kutchalitchi, komwe kamadya ndalama kuposa gasi yemwe ndinkamuthawayo. Pa nthawiyo sindinkadziwa kuti lamulo la Landlord and Tenant Act la 1985 limati kukonza zotenthetsera nyumba ndi madzi otentha ndi udindo wa mwini nyumba, komanso kuti lamulo lina limati boila ayenera kuyenderedwa chaka chilichonse ndi mmisiri wa m'kaundula wa Gas Safe, wa amisiri a gasi ovomerezeka, inu n'kupatsidwa pepala lake. Ndikanadziwa ndikanawalembera mawu amenewo tsiku loyamba lomwelo.

Amene anatipulumutsa ndi agogo oyandikana nawo nyumba. Anatuluka ndi jagi, n'kundionetsa kapaipi kapulasitiki kotulutsa madzi a boila kunja kwa khoma. Kanali kataundana. Anathirapo madzi ofunda, osati owira, majagi angapo, ine n'kudina reset, boila n'kuyaka. Masiku anayi a mavuto, mankhwala ake madzi ofunda. Ndi iwonso anandikhazika pansi n'kundiphunzitsa mabatani.

Ndiye mverani. Kabokosiko sikali ngati mbaula yoti ukawonjezera makala moto umakula. Kuika 30 sikufulumizitsa kutentha, kumangochititsa kuti boila asapume. Ikani 18 kapena 19 nthawi imene muli m'nyumba. A zaumoyo kuno amati 18 ndiye poyambira, makamaka pakakhala mwana, wokalamba kapena wodwala, ndipo a Energy Saving Trust, bungwe lolangiza za kusunga mphamvu, amati pakati pa 18 ndi 21. Digiri imodzi yokha mukatsitsa imaoneka pa bilu. Fufuzani dzina la kabokosi kanu, kaya Honeywell, Drayton, Danfoss kaya Hive, mulembe pa YouTube pamodzi ndi nambala yake, mupeza wina akudina batani lililonse. Muyambe ndi wotchi ndi tsiku, chifukwa mawotchi amabwerera ola limodzi Lamulungu lomaliza la Okutobala ndipo timabokosi takale sitisintha tokha. Kenako mufufute pulogalamu ya amene anachoka. Yathu imayaka theka la ola tisanadzuke, imatsika ku 15 bambo ndi mwana akatuluka, imakweranso madzulo, usiku 16. Ife a mashifiti osinthasintha tisamavutike kulemba pulogalamu sabata iliyonse, pali batani la boost kapena +1hr lomwe limatenthetsa ola limodzi n'kubwerera lokha. Loopsa ndi manual kapena hold, ukaiwala limakhala pomwepo mpaka bilu idzakukumbutse. Kasiyeni pa auto.

Mabatire musinthe chaka chilichonse chisanu chisanayambe, osadikira kuti chizindikiro chiyambe kuphethira. Ngati kanu n'konyamulika kaikeni m'chipinda chomwe mumakhalamo kwambiri, kutali ndi windo, dzuwa, TV ndi radiator, chitsulo cha pakhoma chotenthetsa chipinda. Ngati n'kokhomera pamalo oipa ngati kanga, tsekani mpata wa pansi pa chitseko ndipo mulembere mwini nyumba. Maradiator a zipinda zosagonamo muike pa 1 kapena 2 pa kogudubuza ka manambala ka m'mbali mwake, osatseka kotheratu, koma ya m'chipinda momwe muli thermostat muisiye yotsegula. Radiator ikamatentha pansi koma pamwamba pozizira ndiye kuti muli mpweya, kakiyi kotulutsira n'kotchipa. Muvi woonetsa mphamvu ya madzi pa boila uzikhala pakati pa 1 ndi 1.5 bar akazizira. Ngati boila wanu ndi combi, wopanda thanki, kutentha kwa madzi opita m'maradiator mutha kutsitsa kufika pa 60. Mukamapita kumudzi pa Khirisimasi gwiritsani holiday kapena kachizindikiro ka chisanu kaja kuti mapaipi asaphulike.

Komabe ndisakunamizeni, ndalama zikavuta zimavutadi. Sabata imene mwana ali kwa azakhali ake ku Leicester ine ndimatsitsa mpaka pansi, n'kuvala majuzi awiri ndi botolo la madzi otentha, chifukwa kumudzi akudikira ndipo kutenthetsa nyumba yonse chifukwa cha munthu mmodzi wogona sindingakwanitse. Ngati muli nokha ndipo thupi lili bwino, masana tsitsani momwe mungapiririre, bola mawindo muzitsegula pang'ono mukaphika ndi mukayanika zovala. Ndipo muwaimbire a kampani ya gasi lero lomwe, muwatumizire manambala enieni a pa mita, chifukwa mwina bilu yanuyo ndi yongoyerekeza. Ngati siikutheka muwauze, ali ndi udindo wogwirizana nanu za kalipiridwe kapang'onopang'ono, ndipo a bungwe lolangiza anthu la Citizens Advice amathandiza ulere. Jambulani kabokosi kanu muike pansipa, ndikatuluka shifiti 8 koloko ndikuuzani podina. Mwati muli ndi khanda la miyezi isanu ndi umodzi, ndiye mabatirewo abwerere usiku uno.