Musagulitse malo mwana asanapimidwe ndi dokotala wa zandege

Bambo wina wa ku Zomba atilembera pa imelo. Mwana wawo wamkazi wakhoza bwino MSCE, makamaka masamu ndi sayansi, ndipo akufuna kukhala woyendetsa ndege zonyamula anthu. Bambowa akuganiza zogulitsa malo kuti amulipirire sukulu, ndiye akufunsa ngati ntchitoyi imabweza ndalama.

Bambo, imabweza ndithu, koma mochedwa, ndipo si onse oyamba amene amafika. Musanaitane wogula malo, mwanayo apite kwa dokotala wovomerezeka ndi a zandege akapimidwe mayeso a thupi otchedwa Class 1. Amapima maso, makutu, mtima, magazi ndi mkodzo. Kuvala magalasi si vuto ngati akuona bwino akawavala. Chimene chimagwetsa ambiri mosayembekezera ndi kulephera kusiyanitsa mitundu, makamaka wofiira ndi wobiriwira, chifukwa munthu amatha kukula nacho osadziwa. Khunyu ndi matenda ena a mtima nazonso zimatseka njira. Chiphaso chimene amalandira akadutsa mayesowa chimawonjezeredwa chaka ndi chaka, kutanthauza kuti ntchito yonse imatsamira pa thanzi mpaka tsiku lopuma.

Akadutsa pamenepo, layisensi yoyamba ndi PPL, imene ku South Africa imafuna maola osachepera 45 a mumlengalenga. Imeneyi siilola munthu kulandira malipiro. Kenako amaphunzira kuuluka usiku, kuuluka podalira zida za m'ndege pamene kunja sikukuoneka, ndi kuyendetsa ndege ya mainjini awiri, mpaka kufika pa CPL ya maola 200, layisensi yolola munthu kuyendetsa ndege molipidwa. Chingerezi cha pa wailesi ya ndege chiyenera kufika mlingo 4 wa ICAO, bungwe loona za ndege padziko lonse. Amalawi ambiri amaphunzira kunja, monga ku sukulu ya Ethiopian Airlines ku Addis Ababa kapena m'masukulu a ku South Africa.

Apa pali msampha wa ndalama. Sukulu zimenezi zimalipiritsa m'marandi kapena m'madola, ndipo mukukumbukira kuti mu Novembala 2023 kwacha inatsika mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Ndalama ikathera pakati, mwana amakhala miyezi osauluka, dzanja limaiwala, ndipo akabwerera amabwereza zimene analipira kale. Wophunzira amafunika kuuluka katatu kapena kanayi pa sabata. Choncho ndi bwino kudikira mpaka ndalama ya gawo lonse itakwana, kusiyana ndi kuyamba ndi theka. Koma musapereke zonse kamodzi ku sukulu, lipirani gawo ndi gawo, pakuti sukulu za ndege nazo zimatha kugwa.

Chimene sukulu sizikonda kunena ndi ichi: CPL si ntchito. Makampani ambiri amafuna maola oposa 200 amenewo, ndipo layisensi ya ukaputeni, ATPL, imafuna maola 1,500 ndi zaka zosachepera 21. Mpata umenewu ndi umene umalemetsa mitima ya makolo. Achinyamata amaudzaza pophunzitsa ena kuuluka, kapena poyendetsa tindege ta Cessna tonyamula alendo, monga ku Maun m'dziko la Botswana, ndipo malipiro ake ndi ochepa poyerekeza ndi zimene zinalowa. Pamwamba pake pali maphunziro a mtundu wa ndege, chifukwa wodziwa ndege ya Q400 sangangokwera Boeing 737 n'kuyendetsa. Kampani ikamulipirira maphunzirowa, kawirikawiri imamusainitsa kuti agwire zaka zingapo, akachoka msanga abweze ndalama.

Kuno kwathu mipata ndi yochepa. Air Malawi inatha mu 2013, ndipo Malawi Airlines, imene boma lili ndi magawo 51 pa 100 ndipo Ethiopian Airlines 49, ili ndi ndege zowerengeka. Mwana wanu ayenera kukhala wokonzeka kukhala kutali ndi kwawo zaka zambiri. Ntchitoyi imagwedezekanso msanga: mu 2020 Covid-19 inakhazika pansi oyendetsa ndege dziko lonse lapansi, ndipo mu 2022 kampani ya Comair ku South Africa inatsekedwa.

Zabwino zake nazonso ndi zenizeni. Kaputeni amalandira bwino, luso lake limagulika m'mayiko ambiri, ndipo akatsika m'ndege satenga ntchito kupita nayo kunyumba. Malamulo amaletsa kuuluka mopitirira, ku Ulaya malire ndi maola 900 pa chaka. Komabe adzadzuka 3 koloko m'mawa, adzaphonya maukwati ndi maliro a abale, ndipo miyezi 6 iliyonse adzayesedwa m'makina oyerekezera ndege, momwe amamuzimitsira injini dala kuti aone ngati mutu wake ukhazikika. Pa maulendo a pakati pa mayiko, ntchitoyi imathera pa zaka 65.

Maganizo athu ndi akuti mumulipirire Class 1 ndi ulendo umodzi woyeserera ndi mphunzitsi, aone ngati m'mimba mwake mukupirira. Muzitsatiranso zolengeza za makampani amene amatenga achinyamata n'kuwaphunzitsa okha. Ngati malowo ndi okhawo amene banja likudalira, ife sitingakulimbikitseni kugulitsa pokhapokha mutawerengera ndalama yofika pa CPL, kuphatikizapo yomusunga chaka chimodzi kapena ziwiri akusaka ntchito.